PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KUMANGA KHOLA LA KOMPOSITI NDI MAPALETI POPANDA NGOZI

Alimi anzathu, ntchito yokolola yatha m'madera ambiri ndipo m'minda mwatsala mapesi, masangwi a mtedza ndi udzu. Ino ndiyo nyengo imene mlimi wanzeru amayamba kukonza manyowa a dzinja likudzali, pamene mnzake wosasamala akutentha zotsala zonse n'kukhala ndi phulusa louluka ndi mphepo. M'phunziro lino tikambirana za njira imodzi yopangira kompositi pafupi ndi nyumba, ndiyo kumumangira khola la mapaleti.

Mapaleti ndi matabwa aja okhomedwa ngati kathandala, amene amasanjikapo matumba a feteleza, simenti, shuga ndi katundu wina m'nyumba zosungiramo katundu ndiponso m'malole. Akakalamba amagulitsidwa motsika mtengo kapena kungotayidwa kuseri kwa sitolo. Paleti limodzi ndi khoma lokhomakhoma kale, kotero kuti anayi akwanira kupanga khola tsiku limodzi popanda kudula mtengo kunkhalango.

Koma kumbukirani kuti thabwa limamwa. Chimene chinatayikira pa paleti pa ulendo wake chingathe kulowa m'manyowa, kuchoka m'manyowa n'kulowa m'dimba, kuchoka m'dimba n'kufika m'mbale ya ana anu. Motero ntchito yaikulu pa phunziro lino ndi kusankha paleti. Kumanga kwake n'kosavuta.

1. UBWINO WA KHOLA LOTERE

Ambiri mwa inu mukudziwa kale kompositi wa padzenje, wa chimato ndi wa changu. Njira zimenezi n'zabwino ndipo ndizo zoyenera pofuna manyowa ambiri a kumunda waukulu. Khola la mapaleti ndi la pakhomo, lolandira zinyalala za tsiku ndi tsiku zochokera kukhitchini, kukhola la nkhuku ndi kudimba. Ubwino wake ndi uwu:

(a) Mipata ya pakati pa matabwa imalowetsa mpweya. Tizilombo toolesa zinyalala timafuna mpweya monga momwe ife timaufunira.

(b) Mulu sumwazika ndi nkhuku, mbuzi kapena mphepo, ndipo pakhomo pamakhala paukhondo.

(c) Mapaleti ambiri amene timawaona kuno ndi a mamita 1.2 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Mukaimika anayi mumapeza khola lotenga mulu wa mita imodzi mbali zonse kapena kupitirira pang'ono. Umenewu ndiwo msinkhu umene mulu umayambira kusunga kutentha kwake. Mulu wochepera apa umazizira msanga ndipo umachedwa kuola.

(d) Madzi sadikha m'kati nthawi ya mvula monga amachitira padzenje lokumbidwa pamalo a makande.

2. WERENGANI CHIDINDO MUSANANYAMULE

M'chaka cha 2002 mayiko a m'pangano loteteza zomera la IPPC, limene lili pansi pa bungwe la FAO, anagwirizana lamulo lotchedwa ISPM 15. Lamuloli likunena kuti matabwa onyamulira katundu wodutsa malire a mayiko ayambe akonzedwa kuti tizilombo ta m'mitengo tife, ndipo adindidwe chizindikiro chosonyeza njira imene anawakonzera. Popeza katundu wathu wambiri amalowa kudzera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban, mapaleti ambiri amene amafika kuno ali ndi chidindo chimenechi.

Chidindocho mudzachipeza m'mbali mwa paleti, kawirikawiri pa timitengo tija tochirikiza. Chili ndi chithunzi chonga ngala ya tirigu ndi zilembo za IPPC. Pambali pake pali zilembo ziwiri za dziko kumene linakonzedwa, monga ZA kutanthauza South Africa, MZ Mozambique, TZ Tanzania, IN India kapena CN China. Kenaka pali nambala ya amene analikonza. Zofunika kwa inu ndi zilembo zomalizira:

HT: Thabwa linatenthedwa mpaka m'kati mwake munafika madigiri 56 kwa mphindi 30. Sanathire mankhwala. Ili ndilo paleti loyenera kutenga.

DH: Nalonso linatenthedwa, koma ndi makina a magetsi. N'labwino.

KD: Linaumitsidwa mu uvuni wa matabwa. Zilembo zimenezi zimapezeka pamodzi ndi HT nthawi zambiri ndipo palibe choopsa.

DB: Linachotsedwa makungwa. Izi sizinena kanthu za mankhwala, choncho yang'anani zilembo zinazo.

MB: Linafukizidwa ndi mpweya wa poizoni wa methyl bromide. Lisiyeni.

Alimi akale a fodya akuwakumbukira mankhwala a methyl bromide chifukwa ndi omwe aja ankafukizira mabedi a nazale pansi pa pulasitiki. Analekedwa pa ulimi chifukwa amawononga mpweya wa ozoni umene umatiteteza ku ukali wa dzuwa, potsata pangano la ku Montreal la 1987. Mayiko osauka anapatsidwa mpaka chaka cha 2015 kuti asiyiretu, koma kufukiza katundu wodutsa malire kunaloledwabe, n'chifukwa chake mapaleti a MB akanapezekabe. Mpweya wambiri umauluka paleti likakhala panja, koma palibe chifukwa choikira pachiswe chakudya cha banja pamene mapaleti a HT alipo. Musalitenthenso ngati nkhuni.

Paleti lopanda chidindo kawirikawiri ndi lopangidwa kuno, loyendera m'dziko mommuno. Mungalitenge pokhapokha ngati mukudziwa katundu amene linkanyamula ndipo thabwa lake likuoneka la mtundu wake wachibadwa.

3. CHIDINDO SICHINENA ZONSE

Chidindo chimanena zimene paleti linachitidwa lili latsopano. Sichinena zimene zinatayikirapo pambuyo pake. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tsono liyang'aneni mbali zonse, mulitembenuze, ndipo mulinunkhize. Siyani paleti lililonse lotere:

(a) Lochokera m'nyumba yosungiramo mankhwala opopera mbewu, opha udzu, a dibi kapena oteteza chimanga kwa anankafumbwe. Ngakhale lioneke loyera, lisiyeni. Mankhwala opha udzu ochepa chabe angathe kupha tomato, nyemba ndi mbande za fodya.

(b) La mawanga a oyilo, dizilo, girisi, penti kapena madzi a batire, ndiponso la ufa woyera kapena wachikasu umene simukuudziwa.

(c) Lonunkha mankhwala kapena phula.

(d) La thabwa lobiriwira. Mtundu umenewu umasonyeza kuti linamwetsedwa mankhwala a CCA oletsa chiswe, amene muli poizoni wa arsenic.

(e) La thabwa lakuda lonona ngati mapolo a magetsi kapena mitanda ya njanji. Limeneli linamizidwa mu creosote.

(f) Lochokera ku butchala, kumsika wa nsomba kapena kuchipatala.

(g) Lofumbwa, lofuka kapena lothyoka mitengo yochirikiza. Lidzakugwerani mulu ukalema.

Mapaleti okanidwawa musawasandutse nkhuni, ndipo musawotchere fodya kapena njerwa. Utsi ndi phulusa la thabwa la CCA n'zapoizoni. Musawagwiritsenso ntchito posanjikapo fodya, chimanga kapena mtedza.

4. MWINI WAKE NDANI?

Paleti lopakidwa utoto umodzi m'mbali monse, makamaka wabuluu kapena wofiira, lili ndi mwini. Mwachitsanzo abuluu olembedwa CHEP ndi a kampani imene imabwereketsa mapaleti kwa amalonda, ndipo sagulitsidwa. Mukalipeza pakhomo panu mungathe kufunsidwa mlandu.

Inu olima pa maesiteti, musatenge paleti kuseri kwa shedi poganiza kuti n'lotayidwa. Pemphani kwa mwini esiteti kapena kapitawo, ndipo mufunse kuti linkasanjika chiyani. Safunsa anadya phula. Mugwirizanenso za malo omangapo ndi za mwini wa manyowawo akapsa, kuti pasadzakhale kukangana pa nthawi yothira.

5. KUSANKHA MALO

Sankhani malo athyathyathya, okwererapo pang'ono, osadutsa madzi a mvula. Pakhale mthunzi, monga pansi pa mango kapena pafupi ndi nthochi, chifukwa dzuwa la Sepitembala ndi Okutobala limaumitsa mulu msanga.

Khola likhale mamita 30 kapena kupitirira kuchokera pa chitsime, mjigo kapena mtsinje, monga timachitira ndi chimbudzi. Madzi otsika m'mulu wa ndowe sayenera kufika m'madzi akumwa.

Lisagundane ndi nyumba, nkhokwe kapena khola la ziweto, popeza matabwa onyowa amaitana chiswe ndipo mulu wofunda umaitana makoswe. Likhalenso kutali ndi chigafa, balani ndi posankhira fodya. Fodya amatenga fungo, ndipo nthenga kapena udzu zikaulukira m'fodya zimabwezetsa belo kumsika.

Lambulani udzu mamita awiri kuzungulira malowo kuti moto wolusa wa osaka mbewa usafike pa matabwa. Pansi pakhale dothi lenileni, osati simenti, kuti nyongolotsi zithe kukwera ndiponso madzi otsala atsike.

6. ZIPANGIZO NDI KUKONZA MATABWA

Pa khola limodzi mufuna mapaleti anayi ofanana msinkhu, mitengo inayi ya bulugama ya mamita 1.5, waya womangira, pulayala, hamala, khasu, chikwanje ndi njerwa zootcha kapena miyala yaphanthiphanthi. Valani nsapato zolimba kapena jombo, ndi magolovesi ngati muli nawo. Patapata si nsapato ya ntchito imeneyi.

Paleti limalemera makilogalamu 15 mpaka 30. Nyamulani anthu awiri, mopinda mawondo osati msana. Musanapise dzanja pansi pa paleti limene lakhala nthawi pamalo amodzi, litukuleni ndi mtengo wautali, chifukwa pansi pake ndi pobisala njoka ndi zinkhanira.

Ligonekeni pansi ndipo muyendere thabwa lililonse. Msomali wotuluka uzuleni, kapena muukhome ndi kuupinda mpaka nsonga yake ibisale m'thabwa. Misomali yozulidwa ikani m'chitini nthawi yomweyo. Msomali umodzi wotayika m'manyowa udzakudikirani kudimba pamene mukupalira opanda nsapato. Chotsaninso mapulasitiki, zingwe ndi malamba onse amene anakodwa m'matabwa. Mukatero litsukeni ndi madzi ndipo muliyanike padzuwa masiku awiri kapena atatu.

Musapake oyilo wakuda wa galimoto pa matabwa kapena pa mitengo poletsa chiswe. Oyilo ameneyu ali ndi zitsulo zapoizoni ndipo adzathera m'manyowa. Pofuna kuchedwetsa chiswe, wambani pamoto kunsi kwa mitengo imene idzalowe m'dothi, ndipo mapaleti akhale pa njerwa. Dziwani kuti kutentha kwa HT kunapha tizilombo timene tinalimo pa nthawiyo, koma sikuletsa chiswe chatsopano. Khola lotere ndi la zaka zochepa. Likatha mumanga lina.

Ntchito yokhoma, yomanga waya ndi yonyamula ndi ya akuluakulu. Ana asakhale pafupi.

7. KAMANGIDWE

Choyamba: Salazani malo ndipo mugoneke paleti limodzi pansi kuti muone pamene ngodya zinayi zigwere.

Chachiwiri: Kumbani maenje anayi a masentimita 40 mpaka 50 pa ngodyazo. Imikani mitengo, kwirirani ndi kutsendera dothi mwamphamvu.

Chachitatu: Yalani njerwa pakati pa mitengo pamene mapaleti adzatsamire.

Chachinayi: Imikani paleti la kumbuyo, mnzanu ataligwira. Mbali ya matabwa othithikana iyang'ane m'kati. Limangeni ku mitengo ndi waya pamwamba, pakati ndi pansi.

Chachisanu: Chitani chimodzimodzi ndi mapaleti awiri a m'mbali, ndipo muwamangenso ku la kumbuyo. Mukapota waya, dulani wotsala ndi kupindira nsonga yake m'thabwa kuti isabaye munthu m'diso kapena kung'amba mkono.

Chachisanu ndi chimodzi: Paleti lachinayi ndi chitseko. Limangeni mbali imodzi ndi waya womasuka pang'ono kuti lizitseguka, ndipo mbali inayo muzikoletsa ndi ngowe ya waya. Musamalisiye longotsamira, chifukwa lingagwere mwana.

Chachisanu ndi chiwiri: Ngati mipata ndi yaikulu, lowetsanimo bango, mapesi kapena udzu wautali. Amene muli ndi waya wa khola la nkhuku mungauike m'kati ndipo udzathandizanso kuletsa makoswe. Musatseke mipata ndi matumba a feteleza. Matumbawa amanyenyeka ndi dzuwa, ulusi wake umapita kumunda pamodzi ndi manyowa, ndipo ukakodwa m'masamba a fodya umakapezeka m'belo. Ogula ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu salandira fodya wa pulasitiki.

Mukatha gwedezani khola lonse ndi manja. Ngati likutekeseka, onjezani mtengo wopingasa kumbuyo. Musasanjike paleti pamwamba pa linzake kuti khola litalike.

Amene muli ndi mapaleti ambiri, mangani zipinda ziwiri zogundana. Zimatenga mapaleti 7 pamodzi ndi zitseko. Zipinda zitatu zimatenga mapaleti 10. Potero potembenuza mumangochotsa mulu m'chipinda china n'kuponya m'chinzake, ndipo chotsalacho mumayambamo mulu watsopano.

8. ZOIKA NDI ZOSAIKA

Kompositi amafuna zouma ndi zaziwisi. Zouma ndi mapesi oduladula, udzu, masamba ogwa, makoko a mtedza ndi zitsononkho zophwanya. Zaziwisi ndi masamba a deliya, gilisidiya, ombwe ndi nandolo, masangwi a mtedza ndi a soya, makoko a nthochi, a mbatata ndi a maungu, ndi zotsala za ndiwo zamasamba. Pamwamba pa izi pafunika ndowe za ng'ombe, manyi a mbuzi kapena zitosi za nkhuku. Pa ndowa ziwiri kapena zitatu za zouma ikani ndowa imodzi ya zaziwisi.

Zosaika ndi izi:

(a) Mitengo, mizu ndi zinyenyeswa za fodya. Matenda a mosaic amakhala nthawi yaitali m'zotsala za fodya ndipo kutentha kwa mulu sikungadaliridwe kuti kuwapha. Mitengo ya fodya izulidwe ndi kuwonongedwa pa nthawi yake monga mwa malamulo a ulimi wa fodya.

(b) Mitengo ya thonje, chifukwa imasunga mbozi. Nayo iwonongedwe monga mwa malamulo ake.

(c) Tomato, mbatatesi ndi mabiringanya odwala. Mbewu zimenezi ndi zapachibale ndi fodya ndipo zimapatsirana matenda. Musaikenso mizu yotupatupa ya mbewu iliyonse.

(d) Kaufiti amene wachita maluwa. Njere zake zimakhala m'dothi zaka zoposa khumi. Musaikenso mizu ya kapinga ndi dawe, kapena chisoso cha njere.

(e) Nyama, mafupa, nsomba ndi mafuta ophikira. Zimaitana agalu, makoswe ndi ntchentche.

(f) Chimbudzi cha anthu, cha agalu ndi cha amphaka, ndiponso chiweto chofa.

(g) Udzu umene wapoperedwa mankhwala opha udzu.

(h) Mapulasitiki, magalasi, zitini, mabatire a tochi, ndi phulusa la matabwa a mankhwala kapena a penti.

9. KASANJIDWE KA MULU

Pansi penipeni yalani mapesi osadula kapena tinthambi masentimita 15 kuti mpweya uzilowa kunsi. Pamwamba pake ikani zouma zoduladula masentimita 15 mpaka 20 ndipo muthirire. Kenaka zaziwisi masentimita 10, ndowe masentimita 3 mpaka 5, ndi dothi la pamwamba lowazawaza. Phulusa la nkhuni likhale lochepa, dzanja limodzi kapena awiri, chifukwa likachuluka limathawitsa nayitirojeni. Bwerezani motero mpaka khola lidzaze. Musapondereze mulu ndi mapazi.

Thirirani ndi madzi abwino. Musagwiritse ntchito kheni, sipuleya kapena chigubu chimene munali mankhwala. Poyesa chinyezi finyani zinyalala m'dzanja. Zikangonyowetsa dzanja kapena kutulutsa dontho limodzi kapena awiri, zili bwino. Madzi akachucha ndiye achuluka, ndipo zikangomwazika ndiye zauma.

Zikani ndodo yaitali pakati pa mulu mpaka pansi. Pamwamba fundikani ndi udzu, masamba a nthochi kapena chiguduli. Nthawi ya mvula ikani kadenga ka udzu.

Pakatha masiku atatu kapena anayi solorani ndodo ija. Ikatuluka yotentha ndi yonyowa, ntchito yayamba. Mulu wabwino umafika madigiri 55 mpaka 65 m'kati mwake, ndipo kutentha kumeneku ndiko kumapha njere zambiri za udzu ndi tizilombo tambiri ta matenda. Ndodo ikatuluka yozizira, onjezani zaziwisi ndi ndowe. Ikatuluka youma ndi yoyera ngati ufa, thirirani. Mulu ukamanunkha ngati dzira loola, madzi achuluka ndipo mpweya wasowa, choncho utembenuzeni ndi kusakaniza zouma.

Zinyalala za kukhitchini za tsiku ndi tsiku muzizikwirira pakati pa mulu, osati kungoponya pamwamba.

10. KUTEMBENUZA NDI KUPEWA NGOZI

Tembenuzani mulu pakatha milungu itatu, ndipo mubwereze pakatha milungu ina itatu. Za m'mbali zilowe pakati ndipo za pakati zituluke m'mbali, popeza m'mphepete mwa mapaleti simutentha mokwanira. Pa ntchito imeneyi samalani izi:

Njoka. Mulu wofunda nthawi yozizira ya Juni ndi Julayi umakondedwa ndi njoka, ndipo mphiri sithawa msanga. Menyani m'mbali mwa khola ndi ndodo yaitali musanatsegule. Gwiritsani ntchito foloko kapena khasu, osati manja. Wina akalumidwa musam'teme pabala kapena kumanga chingwe chothina. Akhale modekha, asayendeyende, ndipo mum'nyamule kupita naye kuchipatala msanga.

Kafumbata. Tizilombo ta matendawa timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timalowa pa bala lakuya monga la msomali kapena waya. Mukabayidwa tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale bala lioneke laling'ono. Musathirepo dothi, phulusa kapena fodya. Munthu wa chilonda chosapola asagwire manyowa.

Fumbi la nkhungu. Mulu wouma umatulutsa fumbi limene limavuta m'chifuwa. Uwazeni madzi musanautembenuze, imani kumene mphepo ikuchokera, ndipo mangani nsalu pamphuno ndi pakamwa. Odwala mphumu kapena chifuwa chachikulu asagwire ntchito imeneyi.

Matenda a m'mimba. Sambani m'manja ndi sopo mukatha, musanadye kapena kugwira mwana.

Ana. Awuzeni kuti khola si makwerero. Nthawi iliyonse mukatembenuza, onaninso waya, mitengo ndi misomali. Matabwa akamaola misomali imatulukanso.

11. KUDZIWA KUTI APSA NDI KAGWIRITSIDWE KAKE

Kompositi amapsa pakatha miyezi iwiri kapena itatu nyengo yotentha, ndipo nyengo yozizira angafike miyezi inayi. Wakupsa amakhala wakuda, wofumbutuka, wozizira, wonunkhira ngati dothi la m'nkhalango, ndipo simungazindikirenso zimene munaikamo. Mukayamba mu Meyi kapena Juni mudzakhala naye mvula yoyamba isanagwe.

Musanathire m'dimba lonse muyeseni. Dzazani chitini chimodzi ndi dothi losakaniza ndi kompositi, china ndi dothi lokha, ndipo mudzale nyemba zisanu m'chitini chilichonse. Dikirani milungu itatu. Nyemba za m'kompositi zikakana kumera kapena masamba ake akapiringizika pamene zinazo zili bwino, ndiye kuti sanapse kapena muli mankhwala. Musamuthire, ndipo itanani mlangizi.

Mulu umaphwa mpaka theka pamene ukuola. Khola limodzi lodzaza limapereka pafupifupi ndowa 25 za malita 20. Manyowa amenewa ndi okwanira dimba la pakhomo, mitengo ya zipatso kapena kachigawo ka munda wa chimanga, pothira manja awiri pa phando. Pa ndiwo zamasamba asakanizeni ndi dothi musanadzale.

Kompositi salowa m'malo mwa feteleza yense. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni. Kompositi amakhala ndi kilogalamu imodzi kapena awiri pa makilogalamu 100 a wouma, ndipo amaitulutsa pang'onopang'ono. Ntchito yake yaikulu ndi kufewetsa dothi, kusunga chinyezi pa ng'amba ndi kuthandiza kuti feteleza amene mwagula asakokoloke. Pamene pali manyowa, feteleza amagwira ntchito bwino.

Alimi a fodya, musathire kompositi pa mabedi a nazale kapena m'munda wa fodya wootcha m'balani musanafunse mlangizi wanu. Mbande sizichedwa kugwidwa matenda, ndipo nayitirojeni wochuluka amachedwetsa tsamba kupsa ndi kuwononga mtundu wake.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA KALABU

1. Kodi zilembo za HT ndi MB zikusiyana bwanji, ndipo mungazipeze pati?
2. Paleti lili ndi chidindo cha HT koma lachokera m'nyumba ya mankhwala opopera. Mulitenga? Fotokozani.
3. N'chifukwa chiyani sitipaka oyilo wakuda pa matabwa a khola la kompositi?
4. Tchulani zotsala za mbewu ziwiri zimene siziloledwa m'mulu, ndi chifukwa chake.
5. Mnzanu wapondedwa ndi msomali potembenuza manyowa. Muchita chiyani?

Makalabu amene akufuna chionetsero auze mlangizi wa m'dera lawo mwezi uno usanathe. Aliyense amene ali ndi paleti limene akulikayikira abwere nalo, kuti chidindo chake tikachiwerengere pamodzi lisanamangidwe.